Kiyi wa Nyumba ya Boma

Kalata inafika Lachiwiri,
chidindo chofiirira chili pakona,
ikuti zanditsalira zaka zisanu.
Ndinaiwerenga choimirira pakati pa makina,
zala zili nomatenomate ndi guluu,
ine amene ndasoka mabuku a boma zaka makumi atatu
osasokako n'tsamba limodzi lomwe la mawa langa.

Amati chakudza sichiimba ng'oma.
Ichi chokha chinaimba,
ife tinkavina zina.

Ndikukumbuka tsiku lotsanzikana ndi a Namakhwa.
Tinawapatsa wotchi ya pakhoma ndi bulangete,
tinaimba, tinamwa zoziziritsa kukhosi zofunda.
Ndalama yopumira itangotuluka
anagula minibasi yotopa ya msewu wa ku Jali,
abale n'kubuka ngati ngumbi za mvula yoyamba:
uyu fizi, uyu malata, uyu chiliza cha malume.
Lero minibasiyo yakhalira miyala ku Matawale,
nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala,
wotchi ija ikungowawerengera maola
amene alibe nawo chochita.

Usiku ndinatulutsa kiyi m'chikwama
n'kumuika patebulo kuti tiyang'anane.
Kiyi uyu si wanga.
Ana anga atatu anamerera mano m'nyumba muno ku Kalimbuka,
bambo awo anatulukira khomo lomweli m'bokosi,
koma nambala ili pachitsekoyo
idzaiwala dzina langa lole isanakhote.

Ndiye ndayamba. Mochedwa, komabe ndayamba.
Ku Thondwe, kuseri kwa msika,
ndapeza kamalo kotsetsereka
kokhala ndi chulu chimodzi ndi mtengo wa masuku.
Chulucho chasanduka njerwa zikwi zisanu ndi zitatu.
Ndabzala mapeyala khumi ndi awiri,
mbuzi za aneba zadyapo atatu,
ndabzalanso, ndatchinga ndi minga.
Malipiro akalowa ndimayamba ndadzilipira ndekha
maso asanaone zitenje zatsopano.
Ina ku banki mkhonde, kumene Esinta msungichuma
saseka ndi munthu wochedwetsa,
ina pambali ya mankhwala,
poti maondo ayamba kale kundiyankha
pachitunda chopita ku ntchito.

Sungeni akuti, Amayi, mukuvutikiranji, ife tilipo.
Ndangomuseka mwana wanga.
Iyenso lendi ikumukwapula ku Ndirande.
Ndikufuna azidzabwera kudzandiona,
asamadzafike ndi nkhope ya wobweza ngongole.

Koma chimene chimandidzutsa tambala asanalire
si ndalama ayi.
Ndi Lolemba loyamba lija,
hafu seveni ikadzakwana popanda wondidikira.
Ndidzakhala ndani wopanda yunifolomu yotuwayi?

Zaka zonsezi phiri landiyang'anira ngati kapitawo,
ine osalikwerako n'kamodzi komwe,
kumangogula masitiroberi kwa anyamata otsika nawo.
Lolemba limenelo ndidzakwera,
pang'onopang'ono, ndi ndodo ndi mbatata yootcha,
ndikakhale pa damu la Mulunguzi
kuonera apusi akukangana m'mikungudza,
popanda wondifunsa kuti mabuku aja atha liti.

Ndikadzatsika, singano yanga sidzagona.
Mabuku a nyimbo a kwaya yathu athothoka misana,
makope a ana a sukulu akuyoyoka,
ndipo pali atsikana awiri a ku Chikanda
amene zala zawo ndaziona, zikhoza kuphunzira.
Ndidzawasiyira luso, boma silidzandilanda limenelo.

Dzulo pamsika waukulu, mzere wa azitsulo,
ndagula loko wa makiyi atatu.
Wogulitsa anafunsa kukula kwa chitseko,
ndinati chitsekocho chikadali mtengo m'nkhalango.
Anaseka mpaka kundichotsera mtengo.
Kiyi mmodzi ndamumangirira limodzi ndi wa boma uja,
azolowerane,
ndipo m'mawa uno pokwera chitunda
ndimawamva akukangana m'chikwama,
wina akuti zaka zisanu,
wina akuti fulumira, mvula ikubwera, njerwa zili pamtetete.